A Zuze, Bulu ndi Chitunda cha Tulamtolo

Mvula yoyamba yagwanso kuno ku Tafara, mu Harare, ndiye kuti chakwana chaka chimwalirireni amalume anga a Zuze. Akanafa m'chilimwe zinthu zikanaphweka. Koma iwo anagona m'nyumba miyezi yonse ya dzuwa, akutsokomola, akukana chipatala, ndipo mitambo itangoyamba kuda cha kum'mawa ndi pamene anatsirizika. Ena amati zinangochitika. Ine amene ndinkawaphikira phala ndikuti anachita kuidikira mvulayo.

Anali dalaivala komanso makaniko wa galimoto ya sosaiti yathu ya maliro. Ife a kumapiri a Makanga, kuseri kwa Tete, amene tinabwera kuno nthawi ya nkhondo, tili ndi khalidwe limene anansi athu Achishona amatiseka nalo. Timakhala kuno, timagulitsa tomato kuno, ana athu Chichewa chimawavuta, koma munthu akangofa timakumbukira kuti si wakuno. Ndiye tinasonkherana kalekale n'kugula galimoto yakale ya m'mafamu, yokoka ndi matayala onse anayi, kumbuyo n'kuwotchererako denga la malata loti bokosi ndi anamfedwa asanyowe. Amalume ankaitcha Bulu. Ulendo wake unali umodzi womwewo: kutuluka pa malire a Nyamapanda, kutsikira m'chigwa chotentha cha Zambezi, kuwoloka pa Tete, kenako kusiya tala n'kulowa m'fumbi. Kumapeto kwenikweni, mudzi ukuonekera pamwamba, pali kamtsinje, ndipo ukangowoloka umayamba chitunda chimene timachitcha Tulamtolo. Ndi cha dothi lofiira ndi miyala yoterera, chokhota pakati. M'dzinja ngakhale mbuzi imayamba yaganiza isanakwere.

Atatsala pang'ono kumwalira anaitana ine ndi mwana wawo Domingu, amene amayendetsa kombi m'tauni.

"Tsiku langa, pambali pa bokosi padzakhale Tsitsi," anatero.

"Tsitsi uti, baba? Wa ku Hopley uja?" anafunsa Domingu.

"Alipo wina?"

"Anthu adzakana kukwera."

"Adzayende pansi, miyendo ali nayo. Ndipo pa Tulamtolo, galimoto ikadzaima, musadzatsitse munthu. Wamva iwe? Ngakhale iime mpaka ine kununkha, musadzatsitse munthu."

Domingu anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana mbale ya phala. Tonse tinkamudziwa Tsitsi, ndiponso dzina limene anthu a kwathu anamupatsa: mkazi amene maliro anamukana. Kwa zaka zambiri panalibe munthu wa sosaiti amene anadyapo naye mbale imodzi.

Musaganize kuti amalume anali munthu wofewa. Sipanala yawo sinkabwerekedwa, ngakhale ndi m'busa. Malemu mkazi wawo anakhala moyo wonse akubisa beseni losambira, chifukwa akangolipeza ankatsukiramo zitsulo ndi palafini. M'mawa uliwonse, kuli maliro kapena kulibe, ankaliza Bulu, n'kuimirira pambali dzanja lili pa boneti, maso ali tseke, akumvetsera. Utsi wakuda unkapita pa zovala zoyanika za malojala, anthu ochita lendi pabwalopo, ndipo amayi ake akadandaula ankawayankha kuti tsiku lina utsi womwewo udzawaperekeza, ndiye ayambiretu kuuzolowera. Ana a m'mzere mwathu ankadziwa kuti Bulu akatuluka pageti atamangidwa nsalu yofiira pagalasi, kwinakwake kuli nyumba imene mipando yatulutsidwa panja. Amayi ena ankalowetsa ana m'nyumba akamadutsa. Amalume zimenezi zinkawasangalatsa pang'ono, sindinama.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo tinachimva mpaka kutopa nacho. Ankati injini zili pawiri: zina zili ndi miyendo, zina zili ndi msana. Ya miyendo imathamanga pa tala mpaka mphepo kukulizani m'makutu, koma mphamvu yake imabwera pokhapokha italira kwambiri ngati ikuphedwa. Ya msana imazungulira pang'onopang'ono, koma kuzungulira kulikonse kumapotokola matayala ngati munthu wofinya bulangete lonyowa. Pa chitunda cha matope, ankatero, suponda moto, chifukwa ukaponda matayala amangopukusa n'kudzikumbira manda. Umafuna injini yoti ikoke ikungoguguda chapansipansi. Anyamata a sosaiti ankabwera kumisonkhano ndi mafoni, akuwerenga kuti injini yakutiyakuti ili ndi mphamvu ya mahatchi ochuluka chonchi. Amalume ankangowafunsa kuti mahatchi amenewo amadzuka nthawi yanji. Mnyamata wina atawauza kuti msana umenewo Azungu amautcha toki, ndipo nawonso umalembedwa papepala, anamuyankha kuti ndiye azikawerenga mzere umenewo, asiye kuwasokosera ndi mahatchi.

Zinali ndi pochokera. Pothawa nkhondo, akadali mnyamata, ndi iwo amene anayendetsa thirakitala ya pa esiteti ikukoka ngolo yodzaza amayi ndi ana, mayi anga ali momwemo ndi ine kumsana. Anadutsa mitsinje ya mchenga imene malole anali atatsakamira n'kusiyidwa zitseko zili pululu. Thirakitalayo munthu wothamanga akanaipitirira, koma sinaime paliponse. Kuthamanga si kufika, ankatero akamaliza nkhaniyo, ndipo sankalola kuti wina awonjezerepo mawu.

Ndiye mudzadabwa kumva kuti injini ya petulo imene inalowa mwa Bulu chaka china anaisankha iwo eni, popanda wowakakamiza.

Chinawagwetsa ndi manyazi. Mwezi wina wotentha, mvula isanayambe, ananyamula maliro a gogo wina wa ku Mabvuku. Bulu ndi dizilo wake wakale ankayenda ngati akuwerenga mitengo, ndipo pa malire anachedwanso ndi mapepala. Pofika m'chigwa cha Zambezi, kumene ngakhale mphepo imawotcha, amayi kumbuyo anali atatseka mphuno ndi zitenje, nyimbo zitatha. Kumudzi adzukulu anakana kutsegula bokosi, ndipo mkulu wina anafunsa pagulu kuti kodi anthu a ku Harare mwatibweretsera chiyani.  Pasanapite nthawi dizilo uja anang'aluka, madzi n'kusakanikirana ndi oyilo, ndipo sosaiti inawatuma kukafuna injini ina. Anabwera ndi ya petulo, ya masilinda sikisi, yochotsedwa m'galimoto ya ku Japan imene inachita ngozi. Anaisema, anaiwotcherera, mpaka inakhala m'mimba mwa Bulu. Tsiku loiyesa anatinyamula mpaka ku Ruwa, chipewa chawo chinauluka pawindo ndipo sanaime kuti akachitole. Ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho. Anauza aliyense kuti tsopano munthu akafa Lachisanu, Loweruka agona kwawo asanasinthe nkhope.

Woyamba kunyamulidwa ndi injini imeneyo anali Fulaye, mnyamata wa kwathu amene ankakhoma masofa ku Glen View. Anangogwa pantchito nyundo ili m'manja, pofika kuchipatala anali atapita. Imfa yotere, ya munthu wosadwala, siiyenda yokha, imakoka manong'onong'o. Mkazi wake anali Tsitsi, mtsikana Wachishona wa ku Murehwa, amene anaphunzira Chichewa chathu mpaka kumatiseka nacho. Anali ndi mwana mmodzi wamng'ono, Chisomo. Mlongo wake wamkulu wa Fulaye, a Malita, sankamufuna Tsitsi chiyambire, ankati mlongo wawo wasiya atsikana onse a kwathu n'kukalowola mlendo.

Ine ulendo umenewo sindinapite. Zimene ndilembe pano ndinamva kwa Tsitsi mwini ndi kwa amuna amene anakankha galimoto tsikulo, ndipo nkhani zawo zimagwirizana.

Pa tala Bulu anauluka. Anawoloka Zambezi dzuwa lisanatenthe, anthu akuyamikira amalume. Mvula inawapeza atalowa m'fumbi, ndipo pofika pa kamtsinje ka Tulamtolo dothi linali litasanduka phala. Amalume analowetsa kagiya kakang'ono ka m'matope n'kuyamba kukwera monga ankachitira nthawi zonse, phazi lili pambali. Injini inatsamwa n'kuzima. Anailizanso, nthawi ino akuponda moto. Inalira, matayala n'kupukusa, matope kuwaza mpaka pamitengo, galimoto ikutsetserekera cham'mbali. Akachepetsa moto inkazima, akaonjezera inkapukusa. Anayesa kuinyengerera ndi kilatchi mpaka fungo la chinthu chopsa linadzaza ponseponse. Anthu onse anatsika kukakankha, kupatula Tsitsi, chifukwa mwambo wathu umati mkazi wamasiye sasiya bokosi mpaka litafika pakhomo. Anakankha, anagwa m'matope, anakankhanso. Pokhota paja galimoto inkangoima n'kubwerera.

Kwathu galimoto ya maliro ikaima sitiyamba ndi kutsegula boneti. Timati maliro akukana. A Malita anakwera kumbuyo n'kugogoda pabokosi.

"Fulaye, mlongo wanga, kwanu ndi uko ukuona. Amayi akukudikira. Chavuta n'chiyani?"

Anayesanso kukwera, zinakanika. A Malita anakhala kanthawi akulira, kenako anapukuta nkhope n'kuyang'ana Tsitsi.

"Tonse tatsika. Watsala mmodzi. Mwina pali amene sakufuna kulowa naye m'mudzi."

"Alamu, ine ndalakwanji?" anafunsa Tsitsi.

"Sindinati walakwa. Tangotsika tione."

Mkangano unatenga nthawi yaitali, ena akuti si mwambo, ena akuti tiyese. Pamene ankakanganapo, mvula inayamba kukata. Kilatchi inazizira. Amalume anazungulira galimoto akuphwetsa mpweya pang'ono m'matayala onse, amuna anathira miyala ndi nthambi pokhota paja, ndipo iwo anabwerera m'mbuyo mpaka kutsidya kwa kamtsinje kuti akayambire patali. Zonsezi anthu anaziona ndi maso, koma palibe amene anazisunga m'mutu. Chimene anasunga ndi chakuti Tsitsi anatsika, a Malita n'kumulanda mwana m'manja, ndipo Bulu anabwera akulira, anawoloka madzi, anadzipukusa pokhota, n'kukafika pamwamba.

Pamwambapo panali mkulu wina wa mtima wabwino amene sanafune kuti nkhani ithe choncho. Anapita pawindo la dalaivala, anthu onse akumva.

"A Zuze, inu ndinu mwini galimoto. Tiuzeni. Kapena ndi injini yatsopanoyi?"

Amalume anayang'ana anthuwo, manja ali pa chiwongolero. Amuna onse amene iwo anawauza modzitama za munthu wofa Lachisanu zija anali ataima pamenepo, matope mpaka m'mawondo.

"Injini ilibe vuto," anatero.

Tsitsi sanaone manda a mwamuna wake. Anamusiya kunsi kwa chitunda, mayi wina wa kumeneko n'kumulowetsa m'khitchini mwake. Pobwerera anamutola, anakhala yekha kumbuyo pamene panali bokosi, ndipo palibe anamulankhula mpaka ku Harare. Chisomo anatsala kumudzi. Ife Achewa mwana ndi wa kwa mayi, timanena zimenezi tsiku lililonse, koma sabata imeneyo anthu a kwathu anakumbukira mwadzidzidzi kuti anapereka malowolo mwa Chishona, ndiye mwana ndi wawo. Tsitsi anapitako yekha pa basi kangapo, nthawi zonse n'kubwezedwa pa kamtsinje. Ku Tafara mwini nyumba anamutulutsa, makasitomala a kwathu anasiya kugula masamba ake, ndipo anakathera ku Hopley m'kachipinda ka njerwa zosawotcha.

Amalume atabwerako sanapume n'komwe. Anachotsa injini ya petulo ija, anaiika pakona ya bwalo pamatabwa, n'kuivindikira ndi lata. Miyezi ingapo Bulu anakhala wopanda mtima, iwo akuyendayenda m'mafamu akale mpaka anapeza dizilo wina wokalamba ngati woyamba uja. Anthu atafunsa chifukwa, anati petulo wakwera mtengo. Ogula injini yapakonayo ankabwera, ena ndi ndalama m'manja, koma ankawathamangitsa ngati akuba. Sankaigulitsa, sankaitaya, ndiponso sindinawaonepo akuiyang'ana.

Kuyambira pamenepo anayamba chizolowezi china. Mvula ikagwa ankapita ku Hopley, ati kukakoka magalimoto otitimira m'misewu ya kumeneko. Popita ankadzera ku Glen View kukatola zidutswa za matabwa kwa akalipentala, ndipo njira yawo nthawi zonse inkadutsa pakhomo pa Tsitsi. Sankatsika. Ankangokankhira thumba la nkhuni pansi n'kupitirira, injini osazimitsa. Tsitsi anandiuza kuti chaka choyamba ankazisiya pomwepo kuti anansi atole. Pambuyo pake anayamba kuziphikira, poti njala ilibe ulemu, koma moni sanawapatsepo.

Zoona zake anandiuza ali pamphasa, mwezi wawo wotsiriza, tsiku lina ndikuwasintha malaya. Anandifotokozera ngati akuphunzitsa: magiya a Bulu anapangidwira injini yozungulira mwaulesi, ndipo iwo anaikamo ya miyendo, yofuna kulira kaye isanakoke. Anati anadziwa pa kuzima koyamba komwe, asanafike n'komwe pokhota.

Ndinakwiya.

"Amalume, zaka zonsezi? Mwana wa munthu wakulira kutali ndi mayi wake, inu mukuponya nkhuni pakhomo ngati mukudyetsa galu?"

"Ndikudziwa."

"Lamulungu kuli msonkhano wa sosaiti. Ndikunyamulani pa wilibala mukanene."

"Adzati ndi ukalamba, mutu wazungulira. Pakamwa pomwe pananama sangapakhulupirire. Chitunda chomwecho n'chimene chinamumanga, chikamumasule chokha."

Ndinawauza kuti amenewo ndi mantha ovala jekete. Sanatsutse. Ndinkawakonda amalume anga, ndipo ndikuwakondabe, koma munthu amene anadutsa pakati pa mfuti ndi thirakitala analephera kunena mawu ochepa pamaso pa anzake. Anafuna kuti galimoto ikawalapire. Mlandu suwola, ankadziwa zimenezo, ndipo anausiya kuti unyamulidwe pamodzi ndi bokosi lawo.

Nditapita ku Hopley kukamuuza Tsitsi za imfa yawo ndi mawu amene anasiya, anandilowetsa m'kachipinda kake. Tonse awiri tinkaona chimene chinali pamenepo. Bulu anali atakalamba, akudontha madzi, mwini wake wodziwa kumunyengerera atapita, ndipo mvula inali itayamba. Akakakwera Tsitsi ali m'kati, mwina anthu akanatseka pakamwa. Akakaima, ndiye kuti maliro achiwiri amukana, ndipo dzina limenelo akanafa nalo, mwana wake akuonerera pamwamba pa chitunda.

"Sekuru amenewa sanathane nanebe?" anatero Tsitsi, akuwatchula agogo mwa Chishona. Kenako anadzuka n'kuyamba kupinda zitenje.

Anthu ena anakanadi kukwera, anatsogola pa basi. Kumbuyo tinatsala amayi ochepa, ine mbali ino ya bokosi, Tsitsi mbali inayo. Domingu, wozolowera kupikisana ndi makombi anzake, anavutika njira yonse, akuponda moto pa injini yosamva zimenezo. M'chigwa cha Zambezi tinaima kangapo kuthira madzi. Nyimbo zinkayamba n'kufera pakati. Titasiya tala kumwamba kunali kutada ngati pansi pa mphika, ndipo pofika pa kamtsinje madzi anali ofiira, akuthamanga. Pamwamba pa Tulamtolo tinaona anthu ataima mzere, maambulera ndi mapepala a pulasitiki kumutu. Mbiri inali itafika kale kuti tikubwera ndi ndani.

Domingu anatsika, anapotokola tizitsulo ta pa matayala akutsogolo kuti nawonso azikoka, n'kubwera kumbuyo nkhope ili gwa.

"Sisi, mwina mutsike nonse tichepetse kulemera. Ingotsalani inu a Tsitsi."

"Bambo ako anati chiyani?" ndinamufunsa.

"Anati asatsike munthu."

"Nanga za phazi anati chiyani?"

"Anati ndilichotse pa moto. Bulu ndisamuthandize."

"Ndiye kachite zimenezo."

Tinawoloka madzi akumenya pansi pa galimoto. Bulu anayamba kukwera pa liwiro la munthu wosenza thumba la chimanga. Gu, gu, gu, gu. Bokosi linatsetserekera kumbuyo pang'ono, tonse n'kuligwira. Pokhota paja matayala akumbuyo anaterera cham'mbali, ndipo kugunda kwa injini kunatalikirana, gu, kenako kachete, gu, mpaka ndinkamva mvula padenga pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake. Kudzera pa kawindo ndinaona phazi la Domingu lili m'mwamba pamwamba pa chopondera moto. Mayi wina pambali panga anayamba kunong'ona kuti akukana, akukana. Tsitsi anali atagwira chogwirira cha bokosi ndi manja onse, maso ali pa matabwa.

"Sekuru, musandichite kawiri," anatero mwa Chichewa, motsitsa.

Gu. Galimoto inagwedezeka, tayala lina linapeza mwala. Gu, gu. Utsi wakuda unalowa kumbuyo mpaka tinatsokomola. Palibe anatsika, palibe anakankha, ndipo Domingu sanaponde. Tinatuluka pokhota, mitengo ikudutsa umodziumodzi, mpaka matayala anaima pa udzu wa pamwamba. Tsitsi anatsika pamaso pa mudzi wonse n'kuponda dothi limene anamukaniza zaka zonse zija.

Ine ndinalira, ndinkaganiza kuti zatha. A Malita, amene anali atabwerera kumudzi kalekale, anayandikira ndi ndodo yawo, anayang'ana Bulu, anayang'ana Tsitsi.

"A Zuze anali munthu wopanda chifukwa ndi aliyense," anatero mokweza kuti onse amve. "Iwo akanakana ndani? Amene anakana anali mlongo wanga."

Ndinaona mitu ikugwedezeka kuvomereza. Ndinalankhula, ndinakuwa ndithu, za msana ndi miyendo, za kilatchi yopsa, za mawu amene amalume anandiuza pamphasa. Anandiyang'ana ngati mmene mumayang'anira mayi wogulitsa tomato akamakamba za injini pamaliro. Wina anandigwira paphewa n'kunena kuti chisoni chandikulira, ndikapume.

Titaika maliro, mtsikana wamtali anandipeza kuseri kwa nkhokwe. Anali Chisomo, namwali tsopano, nkhope ya Fulaye yeniyeni, Chishona atayiwala chonse. Mayi ake anali atawapatsa moni wa mlendo, wogwada patali.

"Amayi a ku Harare, ndiuzeni zoona. Abambo anga anawakana amayiwa kapena ayi?"

Ndinamufotokozera zonse, pang'onopang'ono, monga amalume anandifotokozera. Anamvetsera osaphethira.

"Nanga agogo a Zuze, poti ankadziwa, bwanji sananene okha?"

 Woti ayankhe tinali titangomukwirira kumene.

M'mawa wonyamuka Bulu anakana kulira. Domingu anapeza madzi mu oyilo, anthu a m'mudzi anati mwini wake wamugwira. Tinamukankhira pansi pa mtengo wa mango, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Tinatsika Tulamtolo wapansi kukadikira lole kumsewu. Chisomo ananyamula chikwama cha mayi ake pamutu mpaka pa kamtsinje. Pamenepo anachitula, anaima pang'ono, n'kubwerera kumtunda. Tsitsi amandiuza kuti masiku ano mtsikanayo amayankha foni nthawi zina, koma sanamutchulepo kuti amayi.

Chaka chonsechi sosaiti yakhala yopanda galimoto. Mwezi watha anyamata anapeza chigoba cha ina yonga Bulu, chopanda injini, ndipo Lamulungu lapitali anabwera pabwalo pa amalume. Anachotsa lata lija pakona, wina anaika sipanala n'kupotokola, injini ya petulo n'kuzungulira bwinobwino. Anakondwa. Ndinatuluka ndi chitenje m'manja kuwauza kuti imeneyo ilibe msana, inawononga kale moyo wa munthu.

"Mhamha, imeneyi ili ndi mahatchi ambiri kuposa ya sekuru ija kawiri," anatero mmodzi, akunditchula amayi mwa Chishona, uku akundionetsa foni. "Musadandaule, tikudziwa zimene tikuchita."

Akuthamangira chifukwa mkulu wina wa sosaiti ali m'chipatala, ndipo madokotala auza abale kuti ayambe kukonzeka. Mkazi wake ndi Wachishona, wa ku Mutoko, ali ndi ana ang'onoang'ono awiri.

Pabwalo pa amalume tsopano pali pululu. Pamene pankaima Bulu pali chibanga chakuda cha oyilo chimene mvula imangodutsa pamwamba osalowa, ndi miyala iwiri imene ankatsekera matayala. Ovolosi yawo ikadali pa msomali kuseri kwa chitseko, yauma gwa. Malojala amayanika zovala zawo zoyera popanda wozidetsa, ndipo m'mawa kumakhala zii mpaka ndimamva wailesi ya nyumba yachitatu. Pakona paja lata lili chogonera kukhoma. Matabwa awiri akadali pansi, pakati pawo pali udzu woyera wosaonapo dzuwa, ndi mizere ya wilibala imene anatengerapo injini ija, yolunjika kugeti. Mvula ya lero yadzaza kale m'mizeremo.